Sabata imodzi ku Senga Bay ndi mwana amene anasiya kusambira

Lolemba

Tanyamuka ku Lilongwe cha m'ma 7 koloko m'mawa, ine ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 15. Kondakitala ataona ndodo zake anafuna kumukhazika kutsogolo, koma iye anakana. Anakadzipanikiza pakona kumbuyo kwenikweni, n'kufunditsa miyendo chitenje ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha. Ndi mmene wakhalira chichitikire ngozi chaka chatha, pamene njinga yamoto ya kabaza imene anakwera pochokera kusukulu inawombana ndi galimoto, madokotala n'kudula mwendo wake wamanzere m'munsi mwa bondo. Bala linapola, mwendo wochita kupanga anaupeza, sukulu anayambiranso. Koma mwana uja tinkamudziwa ife, amene ankati akafika kwa agogo ake n'kuthamangira kunyanja moni asanapereke, ameneyo sitinamuonenso.

Amayi ndi amene anaitanitsa. Anati holide ino mubwere nayeni kuno, mphepo ya kunyanja imuombeko. Ine ndanyamulanso changa chimene sindinauze munthu: mufoni ndasungamo mavidiyo a Natalie du Toit, wosambira wa ku South Africa amene ndinamuona koyamba pa kanema mu 2008, atanyamula mbendera ya dziko lake ku Beijing.

Tatsika mapiri kudutsa pa Chezi, pamene tagula tomato ndi anyezi za amayi, kenako malambe anayamba kuoneka ndipo mpweya unalemera. Aliyense wa ku Salima amadziwa kuti ukaona malambe ndiye kuti wafika. Pa Kamuzu Road anyamata a kabaza anatizinga, aliyense akukoka chikwama. Mwana anangogwira mkono wanga zolimba osanena kanthu. Tinadikira kagalimoto ka Sienta mpaka kadzaze, pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindinadandaule.

Pofika kunyumba anafuna kugwada kuti apereke moni, mwendo wopangawo osalola. Amayi sanadikire kuti avutike. Anamukokera pamkeka, kumukhazika pambali pawo ngati khanda, n'kuyamba kumufunsa za mayeso. Za mwendo sanatchuleko. Madzulo tadya nsima ya usipa wofutsa, mafunde akumveka kuseri kwa nyumba za anthu. Iye anakhala chofulatira kumene kumachokera phokosolo.

Lachiwiri

Mamawa ndinamukakamiza kuti tipite kudooko tikagule ndiwo. Maboti a chilimira anali akubwerera, nyali zawo zitazimitsidwa kale, alovi akutsitsa usipa m'mabigiri, azimayi a geni akukanganirana mitengo. Chibwerere madzi a nyanja pamtunda mu 2024, mchenga wina umene tinkasewerapo tili ana kulibenso, ndipo matandala ena oyanikapo nsomba anawasunthira kumtunda. Ana amaliseche anali kudumphira m'madzi kuchokera pa boti lakale. Kutsogolo kwathu chilumba cha Namalenje chinali mbee ndi zitosi za mbalame monga mwa masiku onse.

Mwana anakhala pa bwato logadabuzika. Sipanapite nthawi mayi wina amene ankatsuka mbale anabwera, kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopangalo, n'kunena kuti, "Pepa mwanawe. Mtsikana wokongola chonchi, shaa." Ananena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Koma ndinaona nkhope ya mwana ikugwa. Chaka chonsechi wamva "pepa" kutchalitchi, kusukulu, m'minibasi, kuchigayo, ndipo pepa aliyense amamukumbutsa kuti anthu akamuona amayamba aona chimene chinachoka. Ife Amalawi chifundo tili nacho, koma nthawi zina chifundo chathucho chimamukhazika munthu pansi kuposa matenda.

Usiku magetsi atazima ndinatulutsa foni. Anayang'ana kwa mphindi imodzi, Natalie akuvula mwendo wake m'mbali mwa dziwe, n'kudumphadumpha ndi umodzi kupita poyambira. Kenako anandibwezera foni.

"Amayi aang'ono, ameneyo ndi mzungu wa ndalama zake. Musandiyerekeze naye."

Sindinamutsutse, chifukwa sananame kwenikweni. Natalie anabadwira ku Cape Town mu 1984, mumzinda wa maiwe osambiriramo ndi aphunzitsi a kusambira. Ali ndi zaka 14 zokha anali kale m'timu ya dziko lake pa masewero a Commonwealth ku Kuala Lumpur mu 1998. Ngozi inamupeza ali katswiri kale, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa pofotokoza mbiri yake, chifukwa ukazibisa umanamiza mwana kuti khama lokha ndi lokwanira. Ndinamuuza zonsezi. Ndinamuuzanso kuti masewero a Olympics a ku Sydney mu 2000 anawaphonya pang'ono, ndipo anali kukonzekera otsatirawo pamene mu February 2001, akuchokera kosambira m'mawa kupita kusukulu pa kanjinga kake kamoto, galimoto inamuomba. Madokotala anayesetsa kwa masiku angapo, koma mapeto ake anadula mwendo wamanzere pa bondo. Anali ndi zaka 17.

Apa mwana anadzutsa mutu. "Njinga yamoto?"

Ndinati eya.

"Wamanzere?"

Ndinati eya. Sanafunsenso china. Anatembenukira kukhoma, koma ndinamva kuti sanagone msanga.

Lachitatu

Wandidzutsa yekha, kumzikiti atangomaliza kuitana mapemphero a m'bandakucha. Anati tipite anthu asanadzuke. Anavala kabudula wothina wa masewero ndi malaya akale a achimwene, chitenje pamwamba.

Sitinapite kudooko la dzulo. Tinayenda pang'ono kufika pamchenga woyera pamene palibe bango, chifukwa pabango ndi pamene pamakhala nkhono za likodzo, komanso ng'ona zimakonda malo otero ndi pamathiriro a mitsinje. Izi mwana wa kunyanja aliyense amazidziwa asanayambe sukulu. Ndodo zinkamira mumchenga, ndiye anazitaya n'kugwira phewa langa. M'mphepete mwa madzi anakhala pansi, kumasula mwendo, kuvula sokosi imene amavala mkati, n'kundipatsa zonse kuti ndigwire. Aka kanali koyamba kuona chipsera chake chichokere kuchipatala. Analowa chokhala, akudzikankha ndi manja chammbuyo, mpaka madzi anafika m'khosi.

Poyamba anangoyandama chagada, maso kumwamba. Kenako anatembenuka n'kuyamba kupalasa. Thupi linakumbuka, koma silinapite kumene iye ankafuna: mwendo wamanja ukamenya madzi, wamanzere wopanda choyankha, ankakhotera mbali imodzi ngati bwato lopalasidwa mbali imodzi. Anaima, kulavula madzi, kuyesanso, kukhotanso. Kachitatu anaseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwake. Ndinaimirira pamenepo mwendo wake uli m'manja mwanga, misozi ikutsika, ndipo sindinaipukute.

Tili pobwerera ndinamuuza kuti Natalie anabwerera m'madzi patangopita miyezi itatu chichitikire ngozi, asanayambe n'kuyenda komwe bwinobwino. Ndipo pa mipikisano ya anthu aulumali salola kusambira utavala mwendo kapena mkono wochita kupanga. Aliyense amasiya zake pamtunda monga wachitira iye lero, n'kulowa ndi thupi limene ali nalo.

Amayi anaona tsitsi lonyowa sanafunse kanthu. Anangowonjezera mbatata mumphika n'kunena chapansipansi kuti madzi saiwala khwawa.

Lachinayi

Mwera wauka usiku ndipo nyanja yakwiya tsiku lonse. Maboti sanalowe. Mafunde akuswekera pamchenga ngati akufuna kulowa m'mudzi, ndiye za kusambira panalibe. Tinakhala pakhonde la achimwene, iwo akusoka ukonde, mwana akuwagwirira ulusi. Lero ndi iye amene anayambitsa nkhani. Anafuna kudziwa kuti uja wa njinga yamoto uja zinamuthera bwanji.

Ndinayambira ku Manchester, pa masewero a Commonwealth a 2002, patangotha chaka ndi miyezi yochepa chidulireni mwendo. Kumeneko anapambana mipikisano iwiri ya aulumali, wa mamita 50 ndi wa mamita 100. Koma chimene chinadabwitsa dziko ndi china: analowanso mpikisano wa mamita 800 wa anthu a miyendo yonse iwiri, n'kufika mpaka ndime yomaliza, ya anthu 8 okha. Mendulo sanapeze pamenepo, komabe pamapeto a masewerowo ndi iye amene anapatsidwa mphotho ya David Dixon, imene imapita kwa wamasewero mmodzi yekha wopambana onse. Chaka chotsatira, pa masewero a mayiko a mu Africa ku Abuja, anatenga golide pa mamita 800 omwewo, akupikisana ndi anthu opanda ulumali. Olympics ya ku Athens mu 2004 anaiphonyanso, koma pa Paralympics, masewero a dziko lonse lapansi a anthu aulumali, ya mumzinda womwewo anabwerako ndi mendulo 5 zagolide ndi imodzi yasiliva.

Achimwene anasiya kusoka. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu wa mwendo umodzi anasankha mtunda wautali m'malo mwa waufupi. Ndisanayankhe anadziyankha okha, monga msodzi. Anati bwato likagubuduka kutali, amene amamenya madzi ndi miyendo mwamphamvu ndi amene amayamba kutopa. Wofika kumtunda ndi uja amakoka ndi manja modekha, miyendo ikungotsatira. Ndi zoonadi. Pa mtunda waufupi miyendo imagwira ntchito yaikulu, podumpha poyambira, pomenya madzi, ndi podzikankha kukhoma potembenuka. Mtunda ukamatalika mphamvu imasamukira m'mapewa, m'manja ndi m'mapapo, ndipo kumeneko Natalie sanataye kanthu.

Mwana anafunsanso kuti nanga wopanda mwendo angapikisane bwanji ndi wopanda manja, kapena wosaona. Ndinamufotokozera za magulu. Osambira amayamba ayesedwa ndi akatswiri, pamtunda ndi m'madzi momwe, n'kuikidwa m'gulu molingana ndi mmene ulumaliwo umakhudzira kasambiridwe kawo. Magulu a S1 mpaka S10 ndi a ulumali wa ziwalo, S1 kukhala wa ovutika kwambiri ndipo S10 wa amene ulumali wawo ndi wocheperapo. S11 mpaka S13 ndi a vuto la maso, S14 ndi a ulumali wa kaganizidwe. Natalie anali mu S9. Osaona kotheratu a mu S11 amakhala ndi munthu kumapeto kwa dziwe, atagwira ndodo yaitali ya nsonga yofewa, amene amawagogoda pamutu kapena pamsana kuti adziwe kuti khoma layandikira. Izi zinawasangalatsa kwambiri achimwene, mpaka anayerekeza ndi nkhafi pamutu pa mwana wawo wamng'ono.

Amayi anali chapatali akusankha mpunga, koma makutu anali kwathu. Atamaliza anati, "Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza." Mwambi umenewu ndinaumva kambirimbiri ndili mwana, nthawi zonse ngati chenjezo kuti tisaseke olumala. Lero anaunena mosiyana, akuyang'ana mdzukulu wawo m'maso, ngati akumuuza kuti chamuonekerachi n'cha anthu, chinayamba kale, ndipo sichinabwere chifukwa iye analakwa kanthu. Kumudzi kuno alipo amene ananong'ona kuti ngozi ija inali ya matsenga, kuti wina anaikapo dzanja. Amayi sanalolepo nkhani imeneyo kulowa pakhomo pawo.

Lachisanu

Mphepo ikadalipo, ndiye tinaganiza zokaona azakhali ku Nkhotakota. Tinakwera minibasi pa msewu wa M5, kudutsa Khombedza ndi Benga, minda ya chinangwa mbali zonse. Tinatsika kaye pa mlatho wa Chia, pamene madzi a thamanda lalikululo amatulukira kupita kunyanja, kuti tigule chambo chokapereka kwa azakhali.

Pamenepo ndi pamene tinakumana ndi bambo wina wachikulire wogulitsa nsomba, mkono wake wamanja wothera pachigongono. Ankamanga nsomba pa mlaza ndi dzanja limodzi ndi mano, mwachangu kuposa anzake. Iwo ndi amene anayamba kufunsa, osati ndi pepa ayi, koma mwachindunji: "Mdzukulu, wako unatenga n'chiyani?" Mwana anati njinga yamoto. Iwo anati wawo inatenga ng'ona, kalekale, akuonjola ukonde m'bango. Anati inawakokera pansi, anailowetsa chala m'diso, inawasiya, ndipo anasambira okha kukafika pa bwato la mnzawo magazi ali chuchuchu. Ndinawafunsa ngati amasambirabe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati amadyabe nsima. Anati msodzi wosasambira ndi maliro oyenda, ndipo anatisonyeza mmene amagonera chammbali, mkono wabwinowo kutsogolo, kuti asazungulire pamodzimodzi. Mwana anawayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti nanga wa mwendo umodzi atani kuti asakhote. Anati usalimbane nawo madzi ndi mwendo watsalawo, umenye pang'onopang'ono chapakati, chiuno chiwongoke, ntchito uwasiyire manja.

Nditakhala m'minibasi ndinakumbuka Achmat Hassiem, mnzake wa Natalie wa ku Cape Town komweko. Mu 2006, pa gombe la Muizenberg, akuphunzira ntchito yopulumutsa anthu m'madzi, shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja ya mchere, chinalunjika kwa mng'ono wake. Iye anamenya madzi dala kuti chibwere kwa iye, ndipo chinamudula mwendo wamanja m'munsi mwa bondo. Natalie ndi mmodzi mwa amene anamulimbikitsa kuyamba mipikisano. Mu 2012 ku London anapeza mendulo ya malo achitatu pa mamita 100, kusambira kuja kotambasula manja onse awiri pamodzi ngati gulugufe, m'gulu la S10. Anthu awiriwa, wa ku Muizenberg ndi wa pa Chia, chinawachitikira n'chimodzi, ndipo mtima anausonyeza wofanana. Winayo anapeza dziwe, mphunzitsi ndi wotchi. Wathuyu anapeza mlaza womangira nsomba. Sindikunyoza ntchito yawo, yawalelera ana. Koma zinandiwawa njira yonse, poganiza kuti kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa alipo angati otere, ana ndi akulu, amene amasambira bwino kuposa mmene amayendera, ndipo palibe anawayesapo liwiro ngakhale kamodzi.

Ku boma sitinakhalitse. Azakhali anatiphikira kondowole ndi chambo chathu chomwecho, kenako anamutengera mwana kukaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe pokambirana za malonda a akapolo. Anayenda wapansi ulendo wonsewo popanda ndodo, ndipo chitenje chinali m'chiuno basi, osati chokwekwereza mpaka pansi monga masiku onse. Tafika ku Senga Bay kutada.

Loweruka

Nyanja yagona. Achimwene anati mwera ukapuma chonchi madzi amakhala ngati mafuta mpaka cha m'ma 10 koloko, ndiye anatulutsa bwato lawo laling'ono. Pangano linali lakuti mwana asambira motsata gombe, osalowa pakuya, iwo akupalasa pambali pake, ine ndikuyenda pamchenga ndi foni yowerengera nthawi. Tinaika chizindikiro: kuchokera pa mtengo wa pamchenga paja mpaka pa mwala waukulu, mtunda umene ndinauyeza ndi mapazi n'kupeza masitepe 300.

Lero sitinabisale. Dzuwa linali litatuluka, azimayi akuchapa, ana ali ponseponse. Anavula mwendo pamaso pa onse n'kuupereka kwa kamtsikana kena kamene kanamuyang'anitsitsa, n'kukauza kuti, "Undisungire, usalowe mchenga." Kamwanako kanaufukata ngati kapatsidwa mwana wa eni.

Ulendo woyamba anaima kawiri kugwira bwato. Wachiwiri anaima kamodzi. Malangizo a bambo a pa Chia aja anagwira ntchito, kukhota kunachepa, ngakhale akatopa kumabwereranso. Pa ulendo wachitatu anyamata awiri ndi atsikana atatu anadziponya m'madzi kuti apikisane naye. Anyamatawo anamusiya kutali poyamba, akumenya madzi ngati injini, koma asanafike theka anali ataima, akupumira m'mwamba. Iye anawadutsa mmodzimmodzi. Anafika pamwala wachiwiri, kumbuyo kwa mtsikana wina wamtali, mwana wa msodzi, amene amasambira mutu uli pamwamba osaulowetsa n'komwe m'madzi. Mayi uja wa pepa anali pomwepo, mbale zili m'manja. Lero anaimba nthungululu.

Titakhala pamchenga ndinawafotokozera onse, pakuti anali atatizungulira, za mpikisano umene ine ndimauona kuti ndi waukulu pa yonse ya Natalie, ngakhale sanapeze mendulo. Mu 2008 anaika koyamba pa Olympics mpikisano wosambira makilomita 10 pamadzi a panja, osati m'dziwe. Kumeneko kulibe makoma odzikankhirapo, kulibe mizere, anthu amasambira mothithikana, kugundana zigongono ndi kumenyana zidendene, kwa maola awiri. Mu May chaka chimenecho, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Seville, m'dziko la Spain, Natalie anamaliza pa nambala 4 pakati pa akazi a miyendo yonse, ndipo anapeza malo a ku Olympics amene anawaphonya kawiri konse. Ku Beijing anamaliza pa nambala 16, mphindi imodzi ndi masekondi 22 kumbuyo kwa wopambana, Larisa Ilchenko wa ku Russia. Ananyamula mbendera ya South Africa potsegulira Olympics, n'kuinyamulanso potsegulira Paralympics masabata ochepa pambuyo pake, kumene anatenganso golide 5.

Mnyamata wina anafunsa kuti makilomita 10 ndi kuchokera pano mpaka pati. Achimwene analoza msewu wa ku Salima n'kuti ndi theka la ulendo wa kutauni. Ana anakuwa. Ndinawauzanso kuti nyanja yathu yomweyi anthu anaiwolokapo posambira, Lewis Pugh anachita zimenezi mu 1992, ndipo ena pambuyo pake anachokera ku Cape Ngombo, tsidya la ku Makanjira, n'kudzatulukira pa Senga Bay pompano, makilomita pafupifupi 25. Achimwene anati iwo anawaonapo azungu otero akufika, boti lili pambali. Ana a pano amaona alendo akubwera kudzatchuka ndi madzi amene iwo amasambamo tsiku lililonse.

Usiku ndalephera kugona, ndikuganiza za dziko lathu. Malawi anayenera kupita ku Paralympics koyamba mu 2012, koma ulendo unalephereka chifukwa cha ndalama. Tinakaonekera koyamba mu 2016 ku Rio de Janeiro, ndi munthu mmodzi, Taonere Banda, wothamanga wa vuto la maso, pa mamita 400. Lamulo loteteza anthu aulumali tinakhazikitsa mu 2012, mabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA akhala akulankhula kwa zaka zambiri. Osambira athu a ku Olympics, monga Joyce Tafatatha mu 2012 ndi Ammara Pinto mu 2016, alipo ndipo ndimawanyadira. Koma kusambira kwa mpikisano kwathu kuno kumachitikira m'maiwe a m'tauni, ambiri a m'sukulu zolipira ndi m'mahotela, pamene ana odziwa madzi ali kuno, m'mphepete mwa nyanja ya makilomita oposa 500. Pakati pa awiriwa palibe mlatho. Ndipo ngati palibe wa mwana wa msodzi wa miyendo iwiri uja anapambana lero, wa mwana wathuyu ndiye uli kutali kwambiri. Sizifuna zambiri kuti chiyambe: chingwe, zoyandama zingapo, wotchi, bwato loperekeza, ndi mphunzitsi mmodzi wobwera kamodzi pamwezi. Ndine mphunzitsi wa pulayimale chabe, koma ndalemba mayina a ana asanu aja m'kope langa pamodzi ndi nthawi zawo.

Lamulungu

Anapita kunyanja yekha m'mawa, ine ndikulongedza. Nditamutsatira ndinapeza ali ndi mtsikana wamtali uja, akumuphunzitsa kulowetsa nkhope m'madzi ndi kupumira chammbali monga anaonera mu vidiyo, winayo akumuphunzitsa kudumphira pansi pa funde. Mwendo unali pa bwato, kamtsikana kadzulo kakuulondera.

Titachoka kutchalitchi amayi anatimangira usipa wouma, mpunga ndi malambe. Potsanzikana mwana anavula mwendo dala, n'kugwada ndi bondo limodzi ndi theka linalo, kugwira dzanja la agogo ake ndi manja awiri. Amayi anamusiya agwade.

Pa Kamuzu Road sanakwerebe njinga yamoto, ndipo sindinamuuze kuti akwere. M'minibasi anakhala pampando wachiwiri, pafupi ndi zenera. Tikukwera mapiri anandifunsa ngati Natalie akusambirabe. Ndinati mipikisano anasiya mu 2012 ku London, ali ndi zaka 28, atatenga golide 3 pa masewero amenewo. Mpikisano wake wotsiriza, wa mamita 100, sanapambane: anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Ellie Cole wa ku Australia, mtsikana wamng'ono kwa iye amene anadulidwa mwendo ali mwana chifukwa cha khansa. Zonse pamodzi anatsiriza ndi golide 13 za Paralympics.

"Ndiye anagonja kwa mwana?"

Ndinati eya, kwa mwana wa mwendo umodzi mnzake.

Anakhala chete mpaka tinadutsa Mvera. Kenako anatenga kope langa m'chikwama, kutsegula pamene ndinalemba nthawi zadzulo, n'kufunsa kuti masitepe anga 300 aja angakhale mamita angati, chifukwa akufuna adziwe kuti mamita 400 ndi kupita pamwala paja ndi kubwerera kapena ayi. Ndinati tikafika tikayeza sitepe yanga ndi tepi ya atelala. Anati tikayezedi lero lomwe, ndipo ndikafunse mawa kuti dziwe la ku Lilongwe amalipiritsa zingati munthu akafuna kulowa m'mawa sukulu isanayambe.